Mtima, Nzeru ndi Linga la ku Chipoma

Chakumapeto kwa 1963 ndi m'miyezi yoyamba ya 1964, mabanja ambiri m'boma la Lundazi ankagona ndi funso lolemera. Kodi tikhalebe m'mudzi wa makolo, momwe muli munda wathu, nkhokwe zathu ndi manda a abale athu, komanso momwe anyamata a chipani amagogoda usiku kufunsa khadi? Kapena timange katundu, tikakhale ndi okhulupirira anzathu kumudzi watsopano wozingidwa ndi linga la mitengo? Amene anaima pa mphambano imeneyi anali a mpingo wa Lumpa, wotsogozedwa ndi mayi Alice Lenshina. Ena anatsala, ena anapita. Pofika pa 7 Ogasiti 1964, anthu oposa 200 anali atafa m'boma lino m'masiku asanu okha, ena a Lumpa, ena osakhala a Lumpa, anthu a dera limodzi olankhula zinenero zofanana.

Ambiri amaifupikitsa nkhaniyi ponena kuti gulu la anthu otengeka mtima linasokonezeka ndi chipembedzo, kenaka boma, lomwe linali ndi nzeru, linabweza bata. Kufupikitsa kotere kumabisa phunziro lenileni. Mbali iliyonse inali ndi mtima wake, ndipo mbali iliyonse inali ndi masamu ake. Chimene chinasowa ndi malo oti ziwirizi zikumane, ndi nthawi yoti zimvetserane. Sitikufukula zakalezi kuti tidzutse mkwiyo, popeza adzukulu a mbali zonse ziwiri lero amagula pamsika umodzi ndi kuphunzira m'kalasi imodzi. Tikuzifukula chifukwa funso la mabanja aja likadalipo kwa aliyense wa ife: mtima ukamati "nyamuka" mutu n'kumati "dikira", timvere uti?

Mantha amene anakanidwa

Lundazi wa nthawi imeneyo anali wamkulu kuposa wa lero. Chama, Chasefu ndi Lumezi, amene tsopano ndi maboma paokha, onse ankalamulidwa kuchokera pa Boma la Lundazi. Munali Atumbuka, Achewa, Angoni, ndi Asenga a kuchigwa cha Luangwa. Amuna ambiri anali kutali, kumigodi ya ku Copperbelt kapena ku Southern Rhodesia, kusaka ndalama ya msonkho ndi ya zovala. Kumudzi kunkatsala amayi, ana ndi okalamba. Zipatala zinali zochepa ndi zotalikirana, ndipo maliro a ana sankasowa.

Mwana akafa mwadzidzidzi, funso la makolo athu silinkathera pa matenda amene amupha. Linkapitirira kufuna munthu amene wamupha. Kale mlandu wotere unkapita kwa mfumu, ndipo nthawi zina unkathera pa mwavi. Mu 1914 boma la atsamunda la Northern Rhodesia linakhazikitsa lamulo lokhudza ufiti, limene linaletsa mwavi, kuombeza mfiti, ngakhale kutchula munthu kuti ndi mfiti. Lamuloli linali ndi nzeru zake, ndipo linapulumutsa anthu amene akanamwetsedwa poizoni popanda mlandu. Koma linachotsa njira yakale osaikapo ina. Mantha anakhalabe m'mitima, kungoti tsopano analibe bwalo lokawatulako. Amishoni nawonso, a Livingstonia amene anali ndi malo awo ku Chasefu pamodzi ndi Akatolika, kawirikawiri ankaona ufiti ngati mantha a umbuli amene sukulu idzawathetsa.

Mantha okanidwa safa, amasaka khomo lina. M'zaka za m'ma 1930 anthu a mchape anachokera ku Nyasaland n'kuyenda m'midzi ya dziko lino, akumwetsa anthu mankhwala oyeretsa ndi kutolera nyanga ndi zithumwa. Midzi yathunthu inawalandira. Apa pali chinthu choyamba choti tigwire. Nzeru imene imauza munthu wamantha kuti palibe choopa, kenaka n'kumufulatira, imangomupereka m'manja mwa aliyense amene adzamumvetsere.

Ulendo wa ku Kasomo

Mu Seputembala 1953, m'mudzi wa Kasomo m'boma la Chinsali, mayi wina wa kumudzi dzina lake Mulenga Lubusha anadwala mwakayakaya. Atatsitsimuka ananena kuti anafa, anakumana ndi Yesu, ndipo anabwezedwa kudziko ndi ntchito yoti agwire. Anapita kumishoni ya Lubwa kukafotokozera M'busa Fergus Macpherson. M'busayo sanamuseke, komanso sanamugwadire. Anamumvetsera n'kumulimbikitsa kupemphera ndi anthu a kwao, ndipo mu Novembala chaka chomwecho mayiyo anabatizidwa n'kutenga dzina loti Alice. Dzina loti Lenshina linachokera ku Regina, mawu a Chilatini otanthauza mfumukazi. Pofika 1955 anali atasiyana ndi mishoni, akubatiza anthu yekha, ndipo mpingo wake unatchedwa Lumpa, mawu a Chibemba onena za kupambana zina zonse.

Uthenga wake unali wosavuta kumva. Bweretsani nyanga ndi zithumwa zanu, muzitaye pano, mubatizidwe, ndipo ufiti sudzakhalanso ndi mphamvu pa inu. Aliyense ankatula zake yekha, ngakhale kuti wokana kupita ankayamba kukayikiridwa ndi anzake. Nyimbo za mpingowu zinali za kayimbidwe ka kumudzi, zolowa m'khutu tsiku loyamba, zosiyana ndi nyimbo zomasuliridwa kuchokera ku Ulaya zimene anthu anazolowera m'matchalitchi a mishoni. Anthu zikwi makumi anathamangira ku Kasomo. A ku Lundazi ankayenda pansi masiku ambiri, kutsika chigwa cha Luangwa, kuoloka mtsinjewo, n'kukwera mapiri a Muchinga. Pobwerako ankamanga matchalitchi awo a udzu, ndipo Lundazi anakhala limodzi mwa maboma momwe Lumpa inazika mizu kwambiri. Mu 1958 ku Kasomo, kumene tsopano ankakutcha Sione, kunatsegulidwa tchalitchi chachikulu cha njerwa chomangidwa ndi manja ndi zopereka za okhulupirira okha.

Tisafulumire kunena kuti onsewa anangotengeka. Malamulo a Lumpa ankaletsa mowa, mitala ndi kuombeza. Mayi amene mwamuna wake ankamwera ndalama za mtedza, kapena amene ankaopa kubweretseredwa mkazi wachiwiri pakhomo, anali ndi zifukwa zowerengeka pa zala zolowera mpingowu. Banja limene linkatha nkhuku ndi mbuzi polipira asing'anga linapeza popumira. Pa chiyambi ichi, mtima ndi mutu zinkaloza kumodzi.

Khadi ndi linga

Chaka chimene Lenshina anadwala ndi chomwenso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Kulimbana nacho kunabala chipani cha UNIP mu 1959, chimene Kenneth Kaunda anayamba kuchitsogolera mu 1960. Kaunda nayenso anali mwana wa ku Lubwa. Anabadwira komweko mu 1924, bambo ake a David Kaunda anali mlaliki wotumidwa ndi Livingstonia, ndipo mkulu wake Robert anakhalapo mmodzi wa atsogoleri a Lumpa. Poyamba munthu ankatha kukhala wa Lumpa komanso wa chipani popanda chovuta.

Zinthu zinasintha ufulu utayandikira. Kwa a UNIP, amene ena mwa iwo anamangidwa ndi kuwomberedwa pa zipolowe za Cha Cha Cha mu 1961, khadi la chipani linali umboni wakuti munthu ali kumbali ya ufulu. Wopanda khadi ankaonedwa ngati kapirikoni, wogulitsa anzake kwa azungu. Kwa Lenshina, ndale zinali za dziko lapansi limene likupita, ndipo anauza anthu ake kuti azitalikire. Ena anatentha makhadi. Mu 1963 matchalitchi a Lumpa anayamba kutenthedwa, anthu kumenyedwa ndi kuphedwa, ndipo a Lumpa nawonso anabwezera. Mafumu analinso ndi chodandaula chawo, poona kuti anthu awo akumvera madikoni a mpingo kuposa bwalo la mfumu.

Apa ndi pamene mabanja aja anafika pa mphambano. Tiyeni tiwerenge nawo. Kutsala kunkatanthauza kusunga munda ndi nkhokwe, koma kugona mwamantha usiku uliwonse, kapena kugula khadi n'kudziona ngati wagulitsa chikhulupiriro. Kupita kunkatanthauza chitetezo cha unyinji. Koma malo amapereka ndi mfumu, ndipo midzi yatsopanoyi inamangidwa popanda chilolezo cha mafumu ngakhale cha boma. Wopita ankasiya munda wolimidwa kale n'kukayambira patchire, kumene kutuluka m'linga kukalima kunali kuika moyo pachiswe. Mtima unkanena zoona kuti moyo uli pangozi. Mutu nawonso unkanena zoona kuti chakudya cha m'linga chidzatha.

Amene anasamuka sanali opusa. Koma kusamukako kunawalanda chinthu chimene sanachiwerengere. M'mudzi wakale munthu ankakhala pakati pa anthu osiyana maganizo. Amalume anali a Katolika, apongozi ankapemphera ndi a ku Chasefu, mlamu anali atangobwera kumigodi ndi nkhani za kutauni, ndipo pena panali mkulu amene anamenya nkhondo ya ku Burma n'kuona ndi maso ake zimene mfuti ya asilikali imachita. Pamphala kapena pabwalo, ganizo lililonse linkakumana ndi wolitsutsa. Mkati mwa linga onse ankaimba nyimbo imodzi, kumva mphekesera imodzi ndi kuopa mdani mmodzi. Wofunsa kuti "kodi tatsimikiza?" ankamveka ngati wofooka m'chikhulupiriro. Kunja kwa linga zinalinso chimodzimodzi. M'nthambi za chipani, wonena kuti "awa ndi abale athu, tiwasiye" ankaika dzina lake pangozi. Mpanda uja unatsekera a mkati ndi a kunja omwe.

Sabata imodzi

Mu Januwale 1964 UNIP inapambana masankho ndipo Kaunda anakhala nduna yaikulu. Tsiku la ufulu linaikidwa pa 24 Okutobala. Boma latsopano linaona midzi ya malinga ngati dziko lina mkati mwa dziko, ndipo mapangano oyanjanitsa mbali ziwirizi ankapangidwa lero n'kuphwanyika mawa. Pakati pa mwezi wa Julayi Kaunda anapita ku Chinsali n'kulamula kuti anthu achoke m'midzi yosaloledwayo abwerere kwao pasanathe sabata imodzi.

Pa pepala lamuloli linali lomveka. Dziko silingakhale ndi maulamuliro awiri, ndipo palibe boma limene lingalole midzi yodzaza mikondo imene apolisi sangalowemo. Koma masamuwa anasiya chinthu chimodzi panja. Anthu ankauzidwa kubwerera kumidzi imene anaithawa, kukakhala ndi anansi amene ankawaopa, ena nyumba zawo zili phulusa. Uku kunali kuwerengera kopanda kumvetsera, ngati kwa lamulo la 1914 lija. Kwa munthu wa mkati mwa linga, sabata imodziyo inamveka ngati kuwerengera tsiku la imfa yake.

Pa 24 Julayi apolisi awiri, wina mzungu wina wakuda, anaphedwa pamudzi wa Lumpa wa Kameko ku Chinsali. Pa 27 Julayi bwanamkubwa Sir Evelyn Hone analengeza malamulo a nthawi ya ngozi, ndipo asilikali a Northern Rhodesia Regiment anatumizidwa. Pa 30 Julayi analowa ku Sione. Anthu onyamula mikondo, nkhwangwa ndi mauta anakumana ndi mfuti zamakono, ndipo makumi angapo anafa tsiku limodzi. M'busa Colin Morris wa mpingo wa Methodist anayesa kulowa m'midzi ya Lumpa kukalankhula nawo, koma nthawi ya mawu inali itadutsa.

Masiku asanu a ku Lundazi

Chinsali ndi kutali, koma mbiri ya maliro imathamanga. Pafupi ndi Boma la Lundazi panali mudzi wa linga wotchedwa Chipoma. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Ogasiti, patangopita masiku anayi chichitikireni za ku Sione, gulu la amuna a ku Chipoma linatuluka. Linalowa pa Boma, linagonjetsa apolisi n'kutenga mfuti, ndipo midzi ingapo inatenthedwa, anthu n'kuphedwa akudzidzimuka kutulo. Malipoti a nthawiyo anati anthu pafupifupi 150 anafa pa Boma ndi m'midzi. Tsiku lomwelo Kaunda analetsa mpingo wa Lumpa, ndipo m'masiku omwewo ananena kuti Lenshina apezeke, wamoyo kapena wakufa.

Pa 4 Ogasiti asilikali anazinga Chipoma. A m'linga anakana kugonja, ndipo 81 anaphedwa. Pa 7 Ogasiti, kuchigwa, m'dera la Mfumu Chikwa, anthu a m'midzi yoyandikana anaukira mudzi wa Lumpa wa Paishuko n'kupha anthu 46, amuna, amayi ndi ana, mwankhanza zoopsa. Apa panalibe msilikali. Unali mkwiyo ndi mantha a anthu wamba, zotsanulidwa pa amene anali pafupi.

Tikaika zochitikazi pamzere, timaona chinthu chimodzi chikubwerezedwa. Amuna a ku Chipoma anali ndi chifukwa choopera, pakuti asilikali amene anaphwanya Sione akanatha kufika kwa iwo. Koma kupha anansi sikunaletse asilikaliwo. Kunawaitana, ndipo anafika m'mawa mwake. Amene anapita ku Paishuko nawonso anali ndi chisoni chenicheni ndi mantha enieni, koma ana amene anawapha sanaphepo munthu. Konse kuwiri mtima unadziwa bwino lomwe pamene pakupweteka. Chimene sunadziwe ndi mankhwala ake.

Asilikali ndi atolankhani a nthawiyo anafotokoza kuti a Lumpa ena ankathamangira zipolopolo akukhulupirira kuti sizingawavulaze. Zoterezi zinachitikapo ku Tanganyika ya Ajeremani pa nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, pamene Kinjikitile Ngwale anapatsa anthu madzi oti akasandutse zipolopolo madzi. Angoni a ku Songea, abale a Angoni athu kuno, analowa nawo n'kufa mwaunyinji. Nkhanza za Ajeremani zinali zenizeni, ndipo mkwiyo wa anthuwo unali wolungama. Koma kulungama kwa mkwiyo sikusintha kulemera kwa chipolopolo.

Pa 11 Ogasiti Lenshina anadzipereka m'manja mwa boma, napempha anthu ake kuti aleke kumenyana. Mayi amene ulendo wake wonse unayamba ndi masomphenya anaona kumene zinthu zikupita, anawerenga mtengo wake, n'kusankha kutaya ufulu wake. Kumenyana kunapitirira m'malo ena mpaka mu Okutobala. Chiwerengero cha boma cha anthu ophedwa chinapitirira 700, osawerengera amene anafa ndi njala ndi matenda akubisala m'tchire. Anthu pakati pa 15,000 ndi 20,000 anathawira ku Congo, ambiri n'kukakhala ku Mokambo. Lenshina sanazengedwe mlandu wa zipolowezi pakhoti. Anasungidwa m'malo osiyanasiyana mpaka 1975, kenaka anaikidwa pa ukaidi wosachoka panyumba ku Chilenje mu Lusaka, komwe anamwalira pa 7 Disembala 1978. Malamulo a nthawi ya ngozi amene anayamba mu Julayi 1964 anakhalabe, boma likupeza zifukwa zina zowasungira, mpaka 1991. Zosankha za masabata atatu dziko linazisenza zaka 27.

Mtima umadziwa njira imene unayendamo

Makolo anatisiyira miyambi iwiri yooneka ngati yotsutsana. Wina umati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Wina umati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo sanasokonezeke. Ankadziwa kuti pali nthawi yofulumira ndi nthawi yodekha, ndipo luso la moyo ndi kuzindikira kuti tili pa iti.

Mlimi wa kwa Mwase kapena wa ku Emusa akayang'ana mitambo n'kunena kuti mvula iyi si yodzalira, sakulota. Wayesa zaka makumi atatu, ndipo chaka chilichonse munda unamuuza ngati analondola kapena ayi. Mzamba amene amangoona nkhope ya mayi woyembekezera n'kunena kuti uyu athamangire naye kuchipatala, waona nkhope zotere kambirimbiri. Mlenje wa kuchigwa amene amaima mwadzidzidzi asanadziwe chifukwa chake, kenaka n'kuona njati pathengo, makutu ake anamva zimene pakamwa pake sipanathe kutchula. Kumva kwa mumtima kotere ndi nzeru imene inakhazikika mpaka siifunanso kufotokozedwa. Woinyoza ndi wopusa.

Akatswiri awiri a maganizo a munthu anafika pa mfundo yomweyi. Daniel Kahneman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, anadziwika posonyeza mmene maganizo ofulumira amatinamizira. Gary Klein anaphunzira ozimitsa moto amene amasankha bwino m'kanthawi kochepa osawerengera chilichonse. Ngakhale ankaoneka ngati otsutsana, mu 2009 analemba nkhani imodzi pamodzi. Anagwirizana kuti kumva kwa mumtima kumadalirika pamene zinthu zimabwerezabwereza mwa dongosolo, ndiponso munthu wakhala ndi nthawi yaitali yoyesa n'kumaona zotsatira zake msanga. Anaonjezera kuti kutsimikiza kwambiri mumtima si umboni wakuti munthu walondola.

Tikabwerera ku Chipoma ndi muyeso umenewu, zambiri zimaoneka. Anthu a m'linga ankadziwa munda, mvula ndi nkhope za anansi awo. Ambiri anali asanaonepo gulu la asilikali likuzinga mudzi, ndipo palibe amene anaonapo dziko likuchoka m'manja mwa atsamunda kupita m'manja mwa eni ake. Atsogoleri a chipani nawonso anali atangolawa ulamuliro. Onse anali pa njira yachilendo, ndipo onse anali otsimikiza. Vuto la mtima ndi limeneli, kuti umafuula mofanana pa njira imene ukuidziwa ndi pa njira imene sunaipondepo.

N'chifukwa chake mudzi wakale unali ndi zida zochedwetsera munthu. Wofunsira mbeta sankayankhidwa tsiku lomwelo. Ukwati sunkamangidwa kapena kumasulidwa popanda ankhoswe, anthu oima pambali pang'ono amene moto wa chikondi kapena wa mkwiyo sunawagwire. Pabwalo aliyense ankalankhula, mfumu n'kutsiriza itamva onse. Akulu akapatsidwa nkhani yolemera ankati, "Tamva, tigone nayo." Ngakhale loto loopsa linkadikira kuti kuche, lifotokozedwe kwa okalamba, munthu asanachite kanthu. Zonsezi sizinkapha mtima. Zinkaupatsa usiku umodzi ndi khutu lachiwiri. Mu 1964 zida zimenezi ndi zimene zinathyoka poyamba, mfuti isanalire.

Malinga a masiku ano

Tisaganize kuti zimenezi zinatha ndi agogo athu. Kumayambiriro kwa 2020 mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, zimene tinkazitcha gassing, zochokera ku Chingola, zinafalikira dziko lonse. Magulu a anthu okwiya anapha anthu makumi angapo ongowaganizira, ena alendo osochera njira chabe. Mantha anali enieni, ndipo uthenga unkathamanga pa foni mofulumira kuposa mmene mbiri ya ku Sione inafikira ku Chipoma. Gulu la pa WhatsApp la anthu oganiza mofanana likhoza kukhala linga lopanda mitengo, momwe wofunsa kuti "waona ndani?" amachotsedwa. Ndipo mpaka lero, mwana akamwalira mwadzidzidzi m'midzi ina, maso amatembenukira kwa gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi.

Zambiri zimene timasankha sizifika pa magazi, komabe zimaumba moyo wonse. Kugulitsa soya yense kwa vendala mu Epulo chifukwa ndalama ili m'manja mwake, kapena kusunga matumba ena. Kukwera basi ya ku Johannesburg chifukwa msuweni wati ntchito iliko. Kuchotsa mtsikana pasukulu chifukwa kwabwera wofunsira wa ng'ombe. Kuchoka pabanja, kusiya mpingo, kulowa wina. Pa zonsezi mbiri ya 1964 ikutipatsa mafunso oti tidzifunse tisananyamuke. Kodi mtima wathu unayendapo njira iyi n'kuona kumene imathera, kapena ndi ulendo wake woyamba? Kodi tamva munthu mmodzi wotikonda amene sakugwirizana nafe, kapena tafunsa okhawo otiombera m'manja? Kodi tikalakwitsa, tingathe kubwerera? Munda wodzala molawirira umadzalidwanso. Nyumba yotenthedwa imamangidwanso movutikira. Munthu wophedwa sabwerera. Pamene kubwerera kuli kovuta, m'pamene usiku woganizira uyenera kutalika.

Nthawi zina mayankho amatiuza kuti tifulumire. Mayi amene akumenyedwa ndipo mtima ukumuuza kuti usiku uno ndi woopsa, asadikire ankhoswe. Mtima wake unayendapo njira imeneyo, ndipo ukudziwa. Apa ndiye papsa, atonole.

Theka lina la phunziroli ndi la ife amene tili ndi mawu pa anzathu, makolo, mafumu, abusa, aphunzitsi ndi makhansala. Mwana kapena m'bale akabwera ndi mantha kapena ndi loto limene kwa ife likuoneka lopanda mutu, kumuseka ndiko kumukankhira kwa amene adzamumvetsere pofuna kumudyera. Kumupatsa malire a sabata imodzi ndiko kumumangira linga. Macpherson atakhala pansi ndi mayi wa ku Kasomo mu 1953, palibe amene anafa. Magazi anakhetsedwa patapita zaka, mbali zonse zitaleka kukhala pansi pamodzi.

Amene anali ndi zaka khumi mu Ogasiti 1964 lero apitirira zaka 70, ndipo akuchepa chaka ndi chaka. Ena sakonda kuikamba nkhaniyi, ndipo tiyenera kulemekeza chete wawo. Koma amene angalole, tikhale nawo pansi tisanachedwe. Tisangowafunsa za amene anapha ndi amene anaphedwa. Tiwafunsenso ngati m'mudzi mwawo, kapena m'linga mwawo, munali munthu amene anati "tidikire kuche", ndipo mawu ake anathera pati.